Oyilo Wofiira Amene Amakhotetsa Jaguar E-Type

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya galimoto. Musathawe msanga poganiza kuti ndi za amakaniko okha ayi. Amene mwaphunzira kale za pressure mu Physics muona kuti ndi phunziro lomwe lija, kungoti lero lavala ovolosi. Ndikufuna tione mmene munthu amayezera ndi kusinthira oyilo wa power steering pa galimoto yakale yaliwiro, ndipo chitsanzo chathu chikhala Jaguar E-Type ya ku England. Pa galimoto yotere oyiloyu ndi chinthu chotsika mtengo zedi, koma ndi amene amateteza zitsulo zodula zomwe sizipezeka wamba masiku ano.

Galimoto yake ndi yotani?

Jaguar E-Type inaonetsedwa koyamba ku Geneva, m'dziko la Switzerland, mu Marichi 1961. Ankaipanga mumzinda wa Coventry. Amene anajambula thupi lake ndi Malcolm Sayer, yemwe poyamba ankagwira ntchito kukampani yopanga ndege, n'chifukwa chake galimotoyi ndi yosalala, yayitali mphuno, yooneka ngati ikufuna kuboola mphepo. Eni ake ankati imatha kufika makilomita 240 pa ola. Anasiya kuipanga mu 1974 atapanga zopitirira 70,000, ndipo imodzi amaisunga ku Museum of Modern Art ku New York ngati chinthu chaluso.

Zoyambirira zinalibe power steering, dalaivala ankakhota ndi mphamvu za manja ake basi. Pa Series 2, imene inayamba mu 1968, wogula ankatha kuitanitsa kuti amuikire. Mu 1971 kunabwera Series 3, ya injini ya masilinda 12, malita 5.3, ndi matayala otambalala kuposa akale. Apa kampani inaika power steering pa galimoto iliyonse. Ndiye taonani: E-Type yomaliza kupangidwa yapitirira zaka 50. Mapaipi ake, mphira zake ndi pampu yake zonse ndi nkhalamba, ndipo nkhalamba imafuna kuiyang'anira pafupipafupi.

Oyiloyu amagwira ntchito yanji?

Nzeru yake inayamba kale. Katswiri wina wa ku America, Francis W. Davis, anaonetsa chiwongolero chothandizidwa ndi oyilo mu 1926, ndipo mu 1951 kampani ya Chrysler inayamba kugulitsa galimoto ya Imperial yokhala nacho. Koma gwero lenileni ndi Blaise Pascal wa ku France, wa zaka za m'ma 1600, uja timamutchula m'kalasi. Iye anapeza kuti ukapanikiza madzi kapena oyilo wotsekeredwa, pressure imeneyo imafika mofanana paliponse pamene oyiloyo wakhudza.

Mu galimoto zimayenda chonchi. Injini imazunguza pampu kudzera pa lamba. Pampu imakoka oyilo m'kathanki n'kumukankhira m'paipi yolimba yopita ku valavu imene ili kumunsi kwa ndodo ya chiwongolero. Pansi pa valavuyo pali chitsulo chachitali chamano, chopingasa, chomwe amakaniko amati rack. Chimenechi ndicho chimakankha matayala akutsogolo, ndipo pakati pake pali pisitoni. Galimoto ikamayenda molunjika, valavu imangolola oyilo kudutsa n'kubwerera kuthanki kudzera m'paipi ina yofewerapo. Dalaivala akangopotoza chiwongolero, kandodo kachitsulo ka mkati mwa valavu kamapotoka pang'ono, timabowo timatseguka, oyilo n'kulowa mbali imodzi ya pisitoni. Pisitoni ikakankhidwa, rack imasuntha, matayala n'kukhota.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pafupifupi 2 bar, pamene pampu ya power steering imatha kupitirira 70 bar. Bar imodzi ndi 10 N pa sikweya sentimita iliyonse. Tiyerekeze kuti pisitoni ili ndi malo okwana masikweya sentimita 8. Ndiye 70 × 10 × 8 ikutipatsa 5,600 N. Kumeneko ndi kulemera kwa matumba 11 a chimanga a makilogalamu 50, n'kutsalako pang'ono. Dalaivala amangogwira ndi zala, ntchito yonseyo akugwira ndi oyilo.

Kuwonjezera pa kunyamula mphamvu, oyiloyu amafewetsa tizitsulo ta mkati mwa pampu kuti tisakhulane, komanso amachotsa kutentha. Akatha, chiwongolero sichiduka ayi, chifukwa zitsulo zimakhala zolumikizanabe mpaka kumatayala. Koma chimauma mwadzidzidzi. Dalaivala amene wazolowera kukhota ndi zala, chikamuumira ali pakona, mphindi yochepa yodabwayo ndi yokwana kumutulutsa mumsewu.

Kuyeza: ntchito ya mphindi 5

Ine nthawi ya holide ndimathandiza amalume kugalaja kwawo. E-Type sinafikepo kumeneko, timagwira ma Hiace ndi ma Hilux akale, koma kayezedwe kake ndi kamodzimodzi ndipo ndi ntchito yoyamba imene anandipatsa.

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, zimitsani injini. Boneti ya E-Type ndi yodabwitsa: mphuno yonse, pamodzi ndi nyali zake, imanyamuka kupendekera kutsogolo, injini yonse n'kukhala poyera. Tsatirani malamba a kutsogolo kwa injini mpaka mupeze pampu. Pa magalimoto ambiri akale kathanki ka oyilo kamakhala pa pampu pomwepo, pa ena kamakhala pambali, kolumikizidwa ndi paipi.

Musanatsegule, pukutani chivindikiro ndi pozungulira pake ponse ndi kansanza koyera. Mwina mukuti ndi zaukhondo chabe, koma timabowo ta mu valavu ndi tating'ono kwambiri, ndipo kamchenga kamodzi kakalowa kamazungulira mkatimo kakukanda zitsulo ndi mphira kwa zaka.

Zivindikiro zambiri zili ndi kandodo koyezera kunsi kwake. Kapukuteni, bwezeranipo chivindikiro mpaka chikhale bwino, kenako tsegulaninso n'kuwerenga. Nthawi zambiri pamakhala mizere iwiri, wina wolembedwa COLD, wina HOT. Chifukwa chake mukuchidziwa kale: zinthu zamadzimadzi zikatentha zimafufuma. Galimoto imene yagona usiku wonse muiwerenge pa COLD, imene yangobwera kuulendo muiwerenge pa HOT. Mukasokoneza mizereyi mudzathira wambiri, ndipo akatentha adzasefukira pa injini.

Tsopano apa ndi pofunika kumvetsa. Oyilo wa power steering sapsa ngati petulo, amangozungulira m'njira yotsekeka. Ndiye mukapeza kuti watsika, ndiye kuti penapake pakudontha. Kungowonjezera n'kutseka boneti kuli ngati kuthira madzi mumtsuko wobooka. Yalani katoni pansi pa galimoto madzulo, m'mawa muone pamene pagwa madontho. Malo okayikitsa ndi polumikizira mapaipi, kumbuyo kwa gudumu la pampu, ndi mabuti, mphira zamakwinya zija zili kumapeto onse awiri a rack. Mabutiwa ntchito yawo ndi kutchinga fumbi basi, sayenera kukhala ndi oyilo mkati. Mukawafinya n'kumva kuti mwadzaza, ndiye kuti ma seal a mkati mwa rack atha.

Chenjezo: injini ikulira musamafufuze podontha ndi dzanja. Paipi ikabooka kabowo kakang'ono pa pressure ija tawerengera, oyilo amatuluka ngati singano ndipo amatha kuboola khungu. Komanso akathira pa ekizosi yotentha amayaka moto.

Oyilo amalankhula

Dontheza kadontho papepala loyera, longa la m'kope lathu lomweli, n'kuliyang'ana padzuwa. Akakhala wofiira, woonekera bwino, ali bwino. Akakhala wabulauni, wakalamba ndipo nthawi yomusintha yakwana. Akakhala wakuda, wonunkha chopserera, ndiye kuti wakhala akutentha mopitirira, mwinanso mphira za mkati mwa mapaipi zayamba kunyenyeka. Akakhala wathovu, mwalowa mpweya. Akaoneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka, mwina ndi mpweya womwewo kapena mwalowa madzi. Ndipo mukaona timawanga tonyezimira, timeneto ndi tizitsulo topalika, kusonyeza kuti pampu ikudzidya yokha.

Makutu nawonso amathandiza. Pampu ikamabuula pokhota, kulira kwake n'kumakwera mukaponda moto, kawirikawiri oyilo wachepa kapena muli mpweya. Koma mukamva kulira kwakuthwa, kwa tswiii, makamaka chiwongolero chikafika kumapeto, ameneyo ndi lamba amene akuterera. Kumeneko oyilo alibe mlandu, lambayo ndi wofunika kumukoka kapena kumusintha.

N'chifukwa chiyani galimoto yongokhala m'galaja, yoyenda mwa apo ndi apo, ifunikanso kusintha oyilo? Chifukwa kukhala nakonso kumawononga. Usiku kukazizira, chinyezi cha mumpweya chimasanduka timadontho mkati mwa kathanki. Mphira zikakhalitsa osagwira ntchito zimauma n'kuchita ming'alu. Amakaniko ambiri amalangiza kusintha pakatha zaka 2 kapena 3, ngakhale galimotoyo isanayende mtunda wautali.

Oyilo wake uti?

Apa mpamene ambiri amawonongera. Jaguar za nthawi imeneyo zimagwiritsa ATF, oyilo wofiira wa m'giyabokosi ya otomatiki. Koma ATF alipo wamitundumitundu, wina Dexron, wina Type F, ndipo mtundu woyenera umalembedwa m'buku la galimotoyo, nthawi zina pachivindikiro pomwe. Werengani, kapena funsani amene amaidziwa. Safunsa anadya phula.

Musaganize kuti galimoto yakale iliyonse imamwa wofiira. Citroën SM ya ku France, ya mu 1970, yokhala ndi injini ya Maserati, imafuna oyilo wobiriwira wotchedwa LHM. Ma Citroën DS ena akale ankafuna mtundu winanso, LHS, ndipo ukasokoneza awiriwa mphira zonse zimawonongeka. Chifukwa chake n'chakuti mphira iliyonse inapangidwa kuti izikhala mumtundu wake wa oyilo. Ikakumana ndi wachilendo imatupa kapena kufota, n'kuyamba kuchucha.

Ndipo chimodzi ichi muchisunge pamtima: brake fluid salowa mu power steering, ATF salowa ku mabuleki. Tizigubu take timafanana pashelefu, timathanki take timayandikana pansi pa boneti. ATF akalowa ku mabuleki mphira zake zimatupa, galimoto n'kukanika kuima.

Njira yoyamba: ya sirinji

Iyi ndi yosavuta, simasula chilichonse. Mufunika sirinji yaikulu yatsopano, kapaipi koonekera mkati, botolo lotayiramo, fanulo yoyera ndi oyilo watsopano. Injini ili yozimitsa, kokani oyilo yense wa m'kathanki. Thirani watsopano mpaka pamzere. Lizani injini, potozani chiwongolero uku ndi uku kangapo, kapena yendani kaulendo kakafupi kuti wakale ndi watsopano asakanikirane. Kenako bwerezani.

Vuto lake n'lakuti sirinji imangofika m'kathanki, wina amatsalira m'mapaipi ndi mu rack. Tiyerekeze kuti ulendo uliwonse mukuchotsa theka. Koyamba wakale atsala 1/2, kachiwiri 1/4, kachitatu 1/8, kachinayi 1/16. Satheratu, koma amachepa ndithu. Pa galimoto imene oyilo wake wangofiirira pang'ono, ndipo mapaipi ake ndi okalamba moti mukuopa kuwagwedeza, njira imeneyi ndi yokwana.

Njira yachiwiri: kutsuka yense

Oyilo akakhala wakuda, ndi bwino kumuchotsa yense. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri, wina pachiwongolero, wina pakathanki. Magalimoto ambiri amalowa pafupifupi lita imodzi, choncho gulani malita 2 kuti wina atsukire.

Choyamba, ikani zotchinga kumatayala akumbuyo, nyamulani kutsogolo ndi jeke mpaka matayala asiye pansi, n'kukhazika galimoto pa masitandi. Osalowa pansi pa galimoto imene yagwiridwa ndi jeke yokha, ngakhale kwa mphindi imodzi. Pa E-Type samalani poika jeke, chifukwa injini imakhala pa felemu ya mapaipi opyapyala amene amatha kubonyoka. Ikani pokhapo pamene buku lasonyeza.

Chachiwiri, kokani oyilo wa m'kathanki ndi sirinji kuti asatayike pomasula.

Chachitatu, pezani paipi yobwerera. Kuizindikira n'kosavuta: ya pressure imamangidwa ndi nati yachitsulo, yobwerera imangovekedwa pakamlomo n'kugwiridwa ndi kilipi. Masulani kilipiyo, potozani paipi pang'onopang'ono mpaka ivuke. Musaikoke mwamphamvu, kamlomo kakale kamathyoka. Mukaona kuti paipiyo yauma gwa kapena yang'aluka, nthawi yoisintha ndi yomweyi. Tsekani kamlomo ka pathanki ndi kachotsekera, ndipo paipi ija muilumikize ndi kapaipi koonekera kolowa m'botolo.

Chachinayi, dzazani kathanki ndi oyilo watsopano. Injini ikadali yozimitsa, mnzanu apotoze chiwongolero modekha mpaka kumapeto kumanja, kenako mpaka kumapeto kumanzere. Pisitoni ija tsopano ikugwira ntchito ngati pampu yamanja: ikukankhira wakale m'botolo, watsopano n'kumatsatira pambuyo. Inu maso akhale pakathanki, muziwonjezera kasanaume. Pitirizani mpaka wotuluka m'kapaipi afanane ndi amene mukuthira.

Mwina wina afunsa kuti, bwanji osangoliza injini kuti zithe msanga? Ena amatero, koma pampu imakoka mofulumira moti kathanki kamauma m'masekondi ochepa, munthu asanathire n'komwe. Pampu ikazungulira youma, tizitsulo take timakhulana popanda chofewetsa. Ya Hiace mukhoza kukaipeza kwa ogulitsa masipeya, koma ya galimoto ya zaka 50 ndi yochita kuitanitsa kutali.

Chachisanu, bwezerani paipi pakamlomo pake, mangani kilipi, dzazani mpaka pa COLD.

Kuchotsa mpweya

Ntchito sinathe. Pomasula paja mpweya walowa, ndipo mpweya ndi mdani wa Pascal. Oyilo sapanikizika, ukamukankha uku amakankha uko nthawi yomweyo. Mpweya umafinyika ngati siponji, ndiye mphamvu ya pampu imathera pofinya thovu m'malo mokankha pisitoni. Zotsatira zake chiwongolero chimanjenjemera, pena chofewa pena cholimba, pampu n'kumabuula.

Matayala adakali m'mwamba, injini yozimitsa, potozani mpaka kumapeto uku ndi uku maulendo ngati 20. Muona tithovu tikutuluka m'kathanki, oyilo n'kumatsika. Wonjezerani. Kenako lizani injini kwa masekondi ochepa, zimitsani, yezaninso. Mlingo ukasiya kutsika, lizaninso n'kupotoza modekha kangapo.

Chiwongolero chikafika kumapeto musachikanikize pomwepo kupitirira masekondi 5. Pamenepo pisitoni ilibenso kopita, pressure imakwera mpaka pamapeto pake, oyilo n'kutentha msanga. Madalaivala ambiri amachita zimenezi pobwerera m'mbuyo pamalo opanikiza, osadziwa kuti kubuula akumvako ndi pampu ikudandaula.

Mukaona oyilo wachita thovu, zimitsani injini, mudikire theka la ola kapena kupitirira kuti thovulo lithe, n'kuyambiranso. Apa palibe chidule, kuona maso a nkhono n'kudekha. Zonse zikakhala bata tsitsani galimoto, yendani pang'ono pamalo opanda anthu, yezani pa HOT, ndipo yang'anani paja munamasula ngati sipakuchucha. Mawa lake yezaninso pa COLD.

Oyilo wakale uja musamutaye pansi, m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Amalowa m'nthaka n'kuipitsa madzi. Mutsekereni m'chigubu cholembedwa bwino, kutali ndi ana, mukamusiye kugalaja kumene amasonkhanitsa oyilo wakutha. Osamuika m'botolo la zakumwa, poti kufiira kwake mwana angayese sobo.

Nanga ife zikutikhudza pati?

Mwina ambiri a ife E-Type tidzangoionera pa foni. Koma minibasi yakale imene mumakwera popita kutauni ili ndi zinthu zomwezi: pampu, lamba, mapaipi awiri, valavu ndi pisitoni. Tsiku lina ikamakhota pasiteji tcherani khutu. Ikabuula mudziwa kuti oyilo wachepa kapena muli mpweya, ikalira tswiii mudziwa kuti ndi lamba. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri atsopano alibe kathanki kameneka, chifukwa chiwongolero chake chimathandizidwa ndi mota yamagetsi, ndiye musavutike kukafufuza.

Ndikusiyirani mafunso awiri. Loyamba: pampu ikupereka 80 bar, pisitoni ili ndi masikweya sentimita 6, mphamvu yake ndi ma N angati, ndipo ndi matumba angati a makilogalamu 50? Lachiwiri: ngati sirinji ikuchotsa gawo limodzi mwa magawo atatu ulendo uliwonse, oyilo wakale atsala wochuluka bwanji mutabwereza katatu? Lembani mayankho papepala, muonetse mmene mwawerengera, muponye m'bokosi la nkhani pasanafike Lachisanu. Amene akhoze onse awiri mayina awo akhala pabolodi pano sabata yamawa.

Mnzanu wa Folomu 3